Lamulo Loletsa Makanda Kugwa

Kuseri kwa mapiri amene simungawapeze pa mapu aliwonse kuli ufumu wotchedwa Tavomera. Dzinali silinabwere mwangozi ayi. Anthu akumeneko amavomera mfumu yawo isanamalize n'komwe kulankhula, ndipo ena olimbikira ntchito amavomera isanatsegule pakamwa.

Panthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Ndatero Yachitatu. Sinali mfumu yankhanza, tisainamizire. Inkakonda anthu ake kwambiri moti ena ankasowa popumira. Chaka china chikondicho chitasefukira, Mfumu inamangitsa bwalo losewerera ana pakati pa likulu la Mawamawa, moyang'anizana ndi msika waukulu wa Lawani. Apa pokha ngakhale odana ndi Mfumu anavomera ndi mtima wonse. Munali akatungwe atatu, chitsulo chachitali chotsetserekapo, matayala opaka penti yofiira ndi yachikasu, ndi mchenga wofewa wokatuta kumtsinje. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, phokoso la ana linkaposa la mavenda.

Sabata lachitatu, kamdzukulu ka Mfumu, kamwana konenepa ka zaka ziwiri, kanasiya chingwe cha katungwe kuti kagwire gulugufe. Kanagwera mumchenga, kanalira pang'ono, kenako kanayamba kudya mchengawo. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma pomafika kunyumba yachifumu inali itanenepa kuposa mwini wake, ndipo ng'oma yoitana nduna inalira.

Nduna zonse makumi awiri ndi zitatu zinakhala pansi ndi nkhope zamaliro. Nduna ya Chitetezo inapempha kuti katungweyo amangidwe unyolo podikira mlandu, ndipo anamangidwadi tsiku lomwelo. Nduna ya Ubale ndi Mayiko Akunja inati ili ndi umboni woti gulugufe uja anachokera kutsidya kwa malire. Zitafika pofuna nzeru zenizeni, anaitanitsa Sisita Nkhwazi, namwino amene wakhala akuyeza ana kusikelo kwa zaka makumi atatu.

Mayiyo anabwera ndi kapepala kong'amba m'kope. Anati kholo lisasiye mwana yekha, ndipo maso akhale pa mwanayo, osati pa foni. Ana aphunzitsidwe kudikirana, osakankhana. Mabotolo osweka azitoledwa m'mawa uliwonse. Dzuwa likatentha, kholo liyambe lakhudza chitsulo chotsetserekapo ndi dzanja lisanakhazikepo mwana. Chomaliza, wamng'ono asasewere kumbuyo kwa katungwe pamene mnzake ali m'malere.

"Nanga mwana akagwa?" inafunsa Mfumu.

"Mumudzutse, mumusase mchenga, apitirize kusewera," anayankha Sisita Nkhwazi.

Nduna zinawathokoza mayiwo chifukwa cha ntchito yawo yotamandika, n'kuwaperekeza mpaka pageti.

"Malamulo asanu okha?" anatero a Chimphonda, nduna imene panthawiyo inalibe unduna koma inkaufunitsitsa. "Ufumu waukulu ngati uno, malamulo asanu? Mfumu yanga, oyandikana nafe atiseka."

Pomwepo panabadwa Unduna Woona za Kukhazikika kwa Makanda, ndipo a Chimphonda anaupeza unduna wawo. Anatenga akatswiri khumi ndi awiri, mwa iwo mulibe ndi mmodzi yemwe amene anaberekapo mwana kumsana, n'kukabindikira nawo kuhotela ya kuphiri kwa masabata atatu. Anatsikako atanona, atanyamula buku la malamulo zana limodzi ndi khumi ndi awiri.

Lolemba m'mawa galimoto ya chimkuzamawu inaima pakati pa msika wa Lawani, ndipo malamulowo anawerengedwa onse. Lamulo loyamba linati palibe mwana wololedwa kugwa m'bwalo la Mfumu, ndipo wogwa adzatulutsidwa, osadzapondamonso mpaka atakwatira kapena kukwatiwa. Lachisanu ndi chinayi linati kuthamanga n'kololedwa pokhapokha mwanayo atakhala pansi. Lina linati mwana wofuna kulira adziwitse ofesi kukadali masiku atatu, kudzera mwa kholo lake. Akatungwe awiri amene sanapalamule aja azikweredwa atamangiriridwa kumtengo kuti asagwedezeke. Kutsetsereka kuchokera pamwamba kunaletsedwa, ana aziyambira pansi.

"Tavomera!" unayankha msika wonse, monga mwa mwambo. Galimoto itachoka m'pamene pakamwa panatseguka.

"Koma abale inu," anatero a Nagama, mayi wamatimati wa mawu ngati belu, "wanga uja amagwa ngakhale ali chigonere. Ndikamulembetseretu ukwati basi."

"Kalata yolira ija ndiye mwaimva?" anayankha bambo wina wogulitsa makala. "Wanga ndimulembera ya chaka chonse, achite kudinda kamodzi."

Msika unaphulika ndi phwete. Mmodzi yekha sanaseke. Ameneyu anali Nabiyeni, mayi wachitsikana wogulitsa zitumbuwa pabenchi loyandikana ndi la a Nagama. Kumsana kwake kunali Sungeni, mwana wake woyamba, wa chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi iwiri, amene mpaka tsiku limenelo anali asanayende.

Si kuti miyendo inali ndi vuto. Ali ndi miyezi khumi ndi umodzi Sungeni anaimirira bwinobwino, anaponya phazi limodzi, n'kugwera pamwala wa m'mbali mwa ngalande ya pakhomo pawo. Anang'ambika pachibwano, ndipo kuyambira pamenepo anaukana ulendo. Ukamuimika, ankapinda miyendo n'kukhala pansi, maso ali pa iwe ngati akufunsa chimene wakulakwira. Anzake obadwa mwezi umodzi anali akuthamangitsa kale nkhuku. Apongozi a Nabiyeni anali atayamba mafunso aja ozungulira, ofunsa ngati kwawo kwa mtengwayo kunakhalapo wina wotere. Nabiyeni ankaseka nawo masana, koma mumtima munali mantha enieni, mantha oti mwana wake sadzayenda.

Kusikelo, Sisita Nkhwazi anali atamupinda mwanayo miyendo, kumuwongola, n'kumubweza kwa mayi wake. "Palibe chovuta apa, ndi mantha chabe. Muzipita naye pamchenga paja, aziona anzake akugwa n'kudzuka. Tsiku lina adzachita nsanje." Ndiye pamene Nabiyeni amati ayambe kutero, galimoto ya chimkuzamawu n'kufika.

Komabe anapita. Tsiku lililonse zitumbuwa zikatha, ankawoloka msewu n'kukamukhazika Sungeni pamchenga. Pageti panali Sajeni Kamtedza, bambo wamtali wa ndevu zamphepete, wenzulo ili m'khosi, kope lili m'manja. Munthuyu ankaikonda ntchito yake. Mwana akangoti khu, wenzulo inkalira, dzina linkalowa m'kope, mayi n'kutuluka ndi mwana wake. Tsiku loyamba anatulutsa makumi anayi. Kamwana kena kanagwa kakulowa kumene pageti, ndipo panali mtsutso wautali ngati phazi lake linali mkati kapena kunja, mpaka anachita kukatenga chingwe choyezera.

Pomatha masabata awiri, m'bwalo la Mfumu munatsala mwana mmodzi. Ana ena onse a mu Mawamawa ankaima kunja, zala zili m'mawaya a mpanda, kuyang'ana akatungwe omangidwa. Pakati pa mchenga wonse uja panali Sungeni, ali phee ngati thumba la mbatata, wopanda ndi mmodzi yemwe womuchitira nsanje.

Tsiku lina a Chimphonda anabwera kudzayendera ntchito yawo. Ataona bata limene linali m'bwalomo anagwira pamtima.

"Mayi, mwana wanuyu wagwapo kangati muno?"

"Sanagwepo, bwana," anayankha Nabiyeni atagwada.

"Ngakhale kamodzi? Chinsinsi chake n'chiyani?"

"Sayenda, bwana."

"Mwamva, a Sajeni?" anatero a Chimphonda akutembenuka. "Amenewa ndiye maleredwe! Ena akuphunzitsa ana awo kuyendayenda, mayi awa agwira mfundo za boma."

Pomwepo analengeza kuti Sungeni ndi Khanda Lachitsanzo la Ufumu wa Tavomera, ndipo Loweruka likudzalo Mfumu idzabwera yokha m'bwalomo kudzamuveka mendulo.

Nabiyeni anathokoza, anabereka mwana wake, nabwerera kumsika. Atafika kuseri kwa benchi anakhala pansi n'kulira, misozi yeniyeni.

"Make Sungeni, chavuta n'chiyani?" anafunsa a Nagama.

"Akufuna kumupatsa mendulo chifukwa sayenda. Chinthu chimene chikundisowetsa mtendere, iwo akuti chikaimbiridwe nyimbo."

A Nagama anapukusa mutu. "Pukuta misozi, m'bale wanga. Dziko lino mendulo zonse zimapita kwa amene sasuntha. Mwanayu wangofulumira."

Nabiyeni anaseka misozi ili m'masaya, chifukwa ndi a Nagama sungalire nthawi yaitali.

Loweruka linafika. Bwalo analikongoletsa ndi mbendera, matayala anawapakanso penti, unyolo wa katungwe wopalamula uja anaupukuta mpaka kunyezimira. Anthu a kumsika anadzaza kunja kwa mpanda, ana otulutsidwa aja ali pamapewa. Sungeni anamuveka diresi loyera n'kumukhazika pamkeka pakati pa mchenga, mayi wake atagwada chapatali pang'ono. Nduna zonse zinandanda mizere iwiri, masuti ali thwanithwani.

Tsono ku Tavomera kuli mwambo wolonjera Mfumu. Munthu wamba amagwada n'kuwomba m'manja katatu, zatha. Koma nduna sigwada. Nduna imadzigwetsa yonse chafufumimba, n'kugubuduka kumanja, kugubuduka kumanzere, kenako kudzuka ikumwetulira. Aliyense amadziwa kuti pogawa mipando Mfumu imakumbukira amene anagwa mwamphamvu, choncho pamwambowu sipakhala chibwana.

Lipenga linalira, Mfumu inalowa. Nduna ya Chitetezo inayamba, khu! Ya Zaulimi, khu! A Chimphonda, pofuna kuposa onse pa tsiku lawo, anachita kudumpha kaye, n'kutera ndi mimba mpaka mchenga unauluka. Abambo makumi awiri ndi atatu, ena a imvi, ena a mimba zotsogola, anali gubudugubudu pamaso pa mwana amene moyo wake wonse ankadziwa kuti kugwa ndiye mapeto a dziko. Kenako onse anadzuka, akusasa masuti, mano ali pamtunda. Panalibe wolira ngakhale mmodzi.

Sungeni anawayang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako anaseka, kuseka kwa mwana kochokera m'mimba, kumene kunamveka mpaka kunja kwa mpanda ngakhale lamulo linkati kuseka kuzithera mkati.

Mfumu inakhala pampando, a Chimphonda anatambasula pepala. "Mfumu yanga, pamaso panu pali mwana amene chilowereni muno sanasunthepo. Mwana womvera, mwana wokhazikika, mwana amene akutiphunzitsa tonse kuti…"

Anaona kuti palibe akuwayang'ana. Anatembenuka.

Khanda Lachitsanzo linali litagwira mkeka ndi manja awiri, matako m'mwamba. Linasiya mkekawo. Linaima, miyendo ikunjenjemera, manja ali tambasu. Nabiyeni anagwira pakamwa. Phazi lamanja linapita patsogolo. Lamanzere linatsatira. Dzandi, dzandi, kulunjika kumene kunagwera abambo aja. Mapazi atatu, anayi, asanu, asanu ndi limodzi. Atafika pafupi ndi nsapato za Mfumu, Sungeni anaponya manja kutsogolo n'kudzigwetsa chafufumimba, khu! Anagubuduka kamodzi, anadzutsa mutu uli mchenga wokhawokha, n'kuseka.

Nabiyeni anaiwala Mfumu, anaiwala lamulo, anaiwala dziko limene anali. Nthungululu inatuluka yokha, ndipo amayi a kunja kwa mpanda anailandira mpaka mbalame zinathawa m'mitengo.

Phokoso litatha, anthu anakumbukira kumene ali. Sajeni Kamtedza anali ataika kale wenzulo pakamwa, masaya atatupa, akudikira chizindikiro. A Chimphonda thukuta linali kamukamu. Mwana amene anamusankha okha anali ataphwanya lamulo loyamba la unduna wawo, pamapazi pa Mfumu, dzuwa likuswa mtengo.

Mfumu inayang'ana mwanayo, inayang'ana nduna yake. "A Chimphonda, kodi mwanayu wagwa?"

A Chimphonda anangoyamba kupindapinda pepala lawo lija. Mfumu inatembenukira kwa mayi wa mwanayo. "Inu mayi, tiuzeni. Wagwa?"

Nabiyeni anadziwa kuti akangoti inde, mwana wake amene wangoyamba kumene kuyenda atuluka pamchengapo n'kubwerera kumiyala ya kungalande. Anawomba m'manja katatu.

"Mfumu yanga, ine za malamulo sindizidziwa, ndimagulitsa zitumbuwa. Chimene ndaona n'chakuti mwanayu wachita zomwe achita mabwana onsewa. Ngati iwo anagwa, ndiye kuti nayenso wagwa."

Nduna zinayang'anizana. Ya Chitetezo inatsokomola.

"Ife sitigwa!" anakuwa a Chimphonda, mawu atawabwerera mwadzidzidzi. "Nduna ya Mfumu sinagwepo chiyambire. Ife timapereka ulemu." Anaima kaye, ndipo anthu anaona nzeru ikulowa m'mutu mwawo pang'onopang'ono. "Ndipo ndi zimene wachita mwanayu! Mfumu yanga, taonani zipatso za unduna wathu. Khanda losadziwa n'kulankhula komwe, mapazi ake oyamba padziko lapansi lawaponya kudzalonjera Mfumu yake, ndipo lalonjera mwa unduna!"

Mfumu Ndatero inatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso. Inati chikhalireni pampando sinaonepo chikondi chotere. Inamunyamula Sungeni, amene anaigwira mphuno, ndipo pomwepo inalamula kuti palembedwe lamulo la zana limodzi ndi khumi ndi atatu: mwana wodzigwetsa pamaso pa Mfumu sanagwe, wapereka ulemu, ndipo asasokonezedwe.

"Tavomera!" linayankha khamu lonse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dzikolo ena anavomera akudziwa chimene akuvomera.

Lolemba m'mawa a Nagama anafika pageti la bwalo atapanira chinthu chachikulu m'khwapa. Ku Tavomera sitolo iliyonse, ngakhale kaokala ka machesi, imayenera kupachika chithunzi cha Mfumu, ndipo lamulo lakale limati chithunzicho chilemekezedwe ngati mwini wake.

"A Sajeni, Mfumu ili ndi ntchito zambiri, singabwere kuno tsiku ndi tsiku," anatero a Nagama. "Nanga ana okonda Mfumu yawo azipereka ulemu kwa yani? Tabweretsa ichi."

Sajeni Kamtedza anachiyang'ana chithunzicho, anawomba sawasha, n'kuwathandiza kuchikhoma. Pofika masana zithunzi zinali makumi asanu ndi limodzi, pampanda ponse, pamitengo, pamwamba pa chotsetserekapo, moti panalibe mbali imene mwana akanagwera popanda Mfumu kumuyang'ana. Matelala, ometa ndi okonza njinga onse anabwereketsa zawo. Za ana otulutsidwa kale aja, unduna unafufuza n'kupeza kuti onse anagwa atalozetsa mutu kunyumba yachifumu, kapena miyendo, zomwe zinali zofanana, ndipo anakhululukidwa. Akatungwe anamasulidwa, kuphatikizapo wopalamula uja, chifukwa zinaoneka kuti mwana amene wangotsika pakatungwe amayenda mozungulira mutu n'kupereka ulemu kawirikawiri.

Kapepala ka Sisita Nkhwazi sikanalowe m'buku lililonse la boma. Koma amayi ankasinthana kutola mabotolo m'mawa, ankakhudza chitsulo asanakhazikepo mwana, ndipo wokankha mnzake ankamukoka pambali n'kumuuza kuti adikire. Palibe anachita kulengeza pa chimkuzamawu.

Ntchito ya Sajeni inasintha. Tsopano ankalemba ulemu uliwonse woperekedwa, ndipo Lachisanu lililonse lipoti linkapita kunyumba yachifumu. Sabata loyamba makanda a mu Mawamawa analemekeza Mfumu maulendo zikwi zitatu. Kamwana kena ka miyendo yamatewe kanalemekeza maulendo makumi asanu ndi awiri tsiku limodzi, ndipo panamveka mphekesera yoti kakadzakula kadzapatsidwa unduna. Mfumu inkawerenga malipotiwo isanadye, ndipo inkadya bwino.

Patapita mwezi, Lachinayi lina masana, Nabiyeni anatuluka m'bwalo muja kuti abwerere kumsika. Anawerama kuti abereke mwana wake, koma Sungeni anakankha chitenje n'kutsogola yekha, timikono tili m'mwamba. Mayi wake anamutsatira pambuyo, chitenje chili m'manja, msana ukumva mphepo.

Atangodutsa geti, pamene mchenga umathera n'kuyamba dothi louma la m'mbali mwa msewu, Sungeni anapunthwa n'kugwa. Pamenepo panalibe mpanda, panalibe mtengo, panalibe chithunzi.

Sajeni Kamtedza anathamangira pomwepo, kope lili lotsegula, nkhope ili ndi nkhawa. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere.

"Mayi, kunotu kulibe Mfumu. Ameneyu wagwera yani?"

Manja a Nabiyeni ankafuna kumutola mwanayo, koma anawagwira. Sungeni anayang'ana tizikhatho take tofiira ndi dothi, mlomo wam'munsi ukunjenjemera. Anayang'ana mayi wake. Kenako anatsamira pansi, matako m'mwamba, anaima, n'kupitiriza ulendo wake wopita kumsika.

"Ameneyu wagwera yekha, a Sajeni," anatero Nabiyeni mwachimwemwe.

Sajeni anakanda m'mutu ndi cholembera. "Nanga m'kopemu ndilembe chiyani?"

"Lembani kuti wadzuka."